Mapu odabwitsa m'kope la mwana wa pa Zalewa

Makolo ambiri amangomva kulira kwa mfuti m'mafoni a ana awo. Kodi chimawagwira anawa n'chiyani mpaka nsima kuzizira patebulo? Mtolankhani wathu adakapeza yankho kwawo ku Neno.

Uthenga udabwera Lachisanu m'mamawa ndipo udali wachidule. Achemwali anga, omwe amachita geni ya tomato ndi anyezi pa Zalewa m'boma la Neno, amandifuna msanga. Mwana wawo wamwamuna, yemwe ali Fomu 2, adali atayamba khalidwe losadziwika bwino.

Kwathu kuno mwana akavuta amaitana malume. Choncho Loweruka ndidakwera minibasi ku Blantyre, ndipo dzuwa lisadafike pamutu ndidali nditawoloka Shire.

Umboni udali wokonzeratu pa mphasa. Lidali kope la masamu. Patsamba lomaliza padali chithunzi cha nyumba ziwiri zoyang'anizana, basi ndi lole zitaima pamsewu wapakati, mivi yolozera uku ndi uku, komanso timitanda pa mawindo.

"Achimwene, taonani nokha. Nyumba zimenezi ndi za yani? Akufuna akathyole kwa ndani? Ndalama ya tomato nayonso ikumaperewera masiku ano," adatero achemwali, misozi ili chilengelenge.

Mnyamatayo adayankha maso ali pansi: "Amalume, si nyumba za anthu. Ndi Nuketown."

Za ndalama sadakane. Adavomera kuti amatapa pang'onopang'ono m'kachikwama ka geni n'kumagula mabandulo a intaneti. Koma chithunzicho chidalidi mapu a bwalo lomwe amasewererapo ndi anzake m'gemu ya Call of Duty: Mobile. Mivi ija idali njira zoyendamo, ndipo timitanda tidali malo omwe adani amakonda kubisalapo.

Mlandu wa ndalama udali wosavuta kuweruza. Funso lomwe lidandivuta lidali lina: n'chifukwa chiyani mwana angathe usiku wonse akuloweza ngodya za nyumba zomwe kulibe?

Bwalo ndilo masewero

Magemu owomberana omwe wosewera amaona zonse ngati ndi maso ake enieni, mfuti ili kutsogolo kwake, pa Chingerezi amawatcha first-person shooter. Adatchuka mu 1993 pomwe kampani ya id Software ya ku America idatulutsa Doom, gemu yomwe idalola anthu anayi kulumikiza makompyuta awo n'kumasakana okhaokha.

Lero foni ya m'manja ndi yokwanira. Free Fire idatuluka mu 2017, PUBG Mobile mu 2018 ndipo Call of Duty: Mobile mu Okutobala 2019. M'magemu awiri oyambawo wosewera nthawi zambiri amaona munthu wake chakumbuyo, koma mfundo yake ndi yomweyo: magulu a anthu enieni, olumikizana pa intaneti, amakumana pa bwalo limodzi.

Ongoonerera amaganiza kuti chokoma ndi mfutizo. Osewera okha amadziwa kuti chimawabweza mawa ndi bwalolo, lomwe amangoti mapu.

Akuluakulu osewera bawo pansi pa mtengo angamvetse msanga. Nkhomo 64 pazokha si masewero. Chimapanga masewero ndi thabwa lija la maenje 32, mizere iwiri mbali yanu, iwiri mbali ya mnzanu. Mmisiri atangoiwala dzenje limodzi mbali imodzi, palibe angavomere kukhala kumeneko.

Kumbukiraninso chibisalirano pa mwezi wowala. Pa bwalo la zii, lopanda mtengo kapena nkhokwe, masewero amatha asadayambe chifukwa aliyense waonekera. M'nkhalango yowirira namo simukoma, chifukwa wosaka angasake mpaka tambala kulira. Malo okoma ndi apakatikati, okhala ndi pobisala pokwanira komanso poonekera pokwanira. Ntchito ya mmisiri wa mapu ndi kupeza pakati pamenepo.

Phunziro la pa mlatho

Madzulo a tsikulo ndidamutenga mnyamatayo kupita naye chakumlatho kuti andiphunzitse. Chodabwitsa n'chakuti zambiri zomwe amalongosola zidali pamaso pathu pomwepo.

Choyamba ndi mpata wopapatiza. Galimoto zochokera ku Blantyre pa msewu wa M1, kaya zikupita ku Lilongwe kaya ku chipata cha Mwanza, zimayenera kuwoloka Shire pa Zalewa. N'chifukwa chake apolisi amatchinga msewu pamenepa, ndipo n'chifukwa chakenso amayi a geni amayala malonda awo pamenepa. Aliyense adutsa basi.

Mmisiri wa mapu amaika dala malo otere, monga khomo, kanjira kapena mlatho, kuti magulu awiri akumane. Popanda mpata wotere osewera angamangozungulira osaonana.

Chachiwiri ndi njira yozungulira. Wochokera ku Blantyre yemwe sakufuna kudzera pa Zalewa atha kudzera ku Zomba n'kukawolokera pa Liwonde. Njirayo ndi yotalikirapo, koma ilipo. Mapu abwino amakhalanso choncho. Gulu limodzi likatseka mpata waukulu, linalo limakhala ndi njira ina yoti liwatulukire kumbuyo, ngakhale limataya nthawi potero. Mapu a njira imodzi yokha amatopetsa, chifukwa wofika poyamba ndiye wapambana kale.

Chachitatu ndi malo okwera. Aliyense amene adakwerapo mapiri a Kirk Range kumtunda kwa Neno akudziwa kuti woima pamwamba amaona wa kuchigwa iyeyo asadamuone. M'gemu, chipinda chapamwamba kapena nsanja ndi mwayi waukulu. Mmisiri wanzeru akapereka malo otere amasiyanso khomo lakumbuyo, kuti wokhala pamwambayo asagone tulo.

Chachinayi ndi nthawi. Amisiriwa amawerenga masekondi omwe gulu lililonse limatenga kuchoka pomwe layambira kukafika pa malo olimbiranawo. Kusuntha khoma limodzi ndi mamita ochepa chabe kungapangitse gulu limodzi kumafika msanga nthawi zonse, ndipo mapu onse awonongeka.

Chachisanu, chomwe mnyamatayo adati chimayambanitsa anthu kwambiri, ndi pomwe wosewera amadzukira akawomberedwa. Gemu ikamudzutsira pamaso pa adani, amagwanso asadaponye ndi phazi lomwe. Mkwiyo wambiri womwe makolo amaumva kuchipinda kwa ana umachokera apa.

Mwana wa zaka 16

Mapu otchuka kwambiri m'mbiri ya magemu amenewa adachokera m'manja mwa mwana wa sukulu.

Mu 1999 anyamata awiri, Minh Le ndi Jess Cliffe, adatenga gemu ya Half-Life ya kampani ya Valve n'kuisintha kukhala Counter-Strike. M'gemuyi gulu limodzi limafuna kutchera bomba pa amodzi mwa malo awiri, A kapena B, pomwe linalo limateteza. Pa mipikisano gulu lililonse limakhala ndi anthu asanu. Valve idaona kuti zinthu zakoma, idagula ntchitoyo n'kuitulutsa ngati gemu yogulitsa mu 2000.

Chaka chomwecho cha 1999, David Johnston wa ku England, ali ndi zaka 16, adapanga mapu a m'chipululu otchedwa Dust pa kompyuta ya kunyumba kwawo. Mu Malichi 2001 adatulutsa achiwiri, Dust II.

Mapu achiwiriwa ndi osavuta kuwamvetsa. Pali njira yaitali yopita ku A, yabwino kwa owombera patali. Pali ngalande zamdima zopita ku B, zabwino kwa omenyera pafupi. Pakati pali msewu wolumikiza mbali zonse. Oteteza amafika msanga pa malo a bomba, koma sadziwa komwe adani atulukire, choncho amayenera kugawikana. Pakati pa mpikisano magulu amasinthana mbali, monga momwe matimu a mpira amasinthirana magolo.

Padutsa zaka zoposa 20, zithunzi zake zakonzedwanso kangapo, koma kayalidwe ka njira zake sikadasinthe kwenikweni, ndipo Dust II idalowanso mu Counter-Strike 2 yomwe idatuluka mu 2023. Johnston pambuyo pake adalembedwa ntchito ku kampani yopanga magemu ya Splash Damage kwawo ku England.

Mmisiri aliyense ndi luso lake

Pa msika uliwonse anthu amadziwa kuti telala uyu ndi wa masuti, uyo ndi wa mayunifolomu a sukulu. Makampani opanga magemu alinso chimodzimodzi, ndipo osewera amatsutsana za iwo monga amachitira ochemerera Bullets ndi Wanderers.

Ngakhale mkati mwa id Software momwe, ntchito idali yogawana. John Carmack adali katswiri wolemba mapulogalamu oyendetsa gemu, pomwe John Romero adatchuka ndi kuyala zipinda ndi makonde omwe osewera amathamangamo.

Ambiri sadziwa kuti Call of Duty sapangidwa ndi kampani imodzi. Mwini wake ndi Activision, yomwe Microsoft idagula mu Okutobala 2023 pa mtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni, koma ophika ndi angapo ndipo amalandizana.

Infinity Ward ndiyo idayambitsa gemuyi mu 2003. Mphamvu yake ndi kupanga zinthu kuoneka ndi kumveka ngati zenizeni: kulemera kwa mfuti, phokoso, fumbi. Idapanga mapu otchuka monga Crash ndi Shipment mu 2007, komanso Rust mu 2009. Koma kufuna zenizeni kuli ndi mtengo wake. Modern Warfare ya 2019 itatuluka, osewera ambiri adadandaula kuti mapu ake ali ndi mawindo ndi zitseko zochuluka, zomwe zimakomera munthu wongokhala pangodya kudikirira anzake.

Treyarch njira yake ndi ina. Imadziwika ndi mapu a njira zitatu: ya kumanzere, ya pakati ndi ya kumanja, zolumikizana apa ndi apo. Wosewera watsopano amawamvetsa pa mphindi zochepa, ndipo amadziwa komwe mdani angatulukire. Nuketown, mapu aja a m'kope la masamu, adatuluka mu Black Ops ya 2010. Ndi kamudzi ka nyumba ziwiri zokhala ndi zidole m'malo mwa anthu, kofanizira malo oyesera mabomba a nyukiliya m'chipululu cha Nevada. Otsutsa amati mapu a Treyarch amafanana kwambiri, ngati nyumba zomangidwa ndi pulani imodzi.

Kampani ya DICE ya ku Stockholm m'dziko la Sweden idasankha ukulu. Battlefield 1942, yomwe idatuluka mu 2002, idalola anthu 64 kumenyana pa bwalo limodzi ndi akasinja, ndege ndi sitima za pamadzi. Kuyambira 2008 idayamba kulola osewera kugumula makoma, kotero kuti pobisala pa mphindi ino pamakhala pa mtetete mphindi yotsatira.

Valve luso lake ndi kudekha. Imasunga mapu ochepa kwa zaka zambiri, n'kumangosuntha bokosi apa, kukulitsa khomo apo, malinga ndi zomwe ikuona pa mipikisano.

PUBG, yomwe Brendan Greene wa ku Ireland adapanga ndi kampani ya ku South Korea mu 2017, idathana ndi vuto la nkhalango yowirira mwa njira yatsopano. Chilumba chake cha Erangel n'chachikulu makilomita 8 mbali iliyonse ndipo mumalowa anthu 100. Kuti asamangobisala, malo otetezeka amanka nachepa ngati dziwe m'chilimwe, mpaka otsala onse akumane.

Garena ya ku Singapore idaona msika womwe ena amaunyoza, wa anthu a mafoni otchipa. Free Fire imalowetsa anthu 50 okha, mpikisano umatha pa mphindi pafupifupi 10, ndipo imayenda pa foni yopanda mphamvu zambiri. Nayo TiMi ya ku China, yomwe idapanga Call of Duty: Mobile, idatenga mapu okondedwa a Infinity Ward ndi Treyarch n'kuwalowetsa m'thumba la mwana wa pa Zalewa.

Mtunda nawo ndi mdani

Pali chinthu chimodzi chomwe mmisiri wa mapu sangakonze. Wosewera akadina foni, uthenga umapita ku kompyuta yaikulu yotchedwa seva n'kubwereranso. Nthawi ya ulendowu amaitcha ping, ndipo amaiyeza m'mamilisekondi. Milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Mu nthambo za faiba uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Kuchokera kummwera kwa dziko lino kukafika ku London ndi makilomita oposa 8,000, kutanthauza kuti ulendo wopita ndi kubwera sungachepere mamilisekondi 80, ngakhale nthambo itakhala yowongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga. Seva ikakhala ku Johannesburg mtundawo umachepa kwambiri.

Pa mapu aang'ono ngati Nuketown kapena Shipment, pomwe adani amatulukirana pa ngodya, kachedwedwe kotere n'kokwanira kugwetsa munthu. Mwana akamakuwa kuti adawombera poyamba ndi iye, nthawi zina amakhala akunena zoona.

Chikomekome cha mkuyu

Achemwali sadali olakwa kuda nkhawa. Luso lomwe limapangitsa mapu kukoma ndi lomwenso limachititsa kuti kusiya kuvute. Mpikisano wa pa mapu aang'ono umatha pa mphindi zochepa. Wogonja amafuna kubwezera, wopambana amafuna kuonjezera, ndipo "kamodzi kokha" kamafika pakati pa usiku.

Magemu a pa foniwa amakopedwa ulere, koma eni ake amapeza phindu pogulitsa zovala za anthu a m'gemu, mfuti zokongoletsedwa ndi mabokosi a mwayi omwe wogula sadziwa chomwe apezemo. Mu 2018 dziko la Belgium lidagamula kuti mabokosi ogula otere ndi juga. Kuno kwathu ngakhale mwana asagule kanthu m'gemumo, bandulo yokha ndi ndalama, ndipo batire ya foni nayo imafuna kutchaja.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaika vuto losewera magemu mopyola muyezo pa mndandanda wake wa matenda mu 2019, ndipo mndandandawo udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zinthu zina zofunika pa moyo, ndi kupitirizabe ngakhale mavuto akuoneka. Bungweli limati khalidweli liyenera kuoneka kwa miyezi 12 kapena kuposa, ndipo limakhudza gawo lochepa la osewera. Choncho si mwana aliyense wogwira foni amene akudwala.

Makolo adziwenso kuti magemuwa ali ndi malire a zaka. Bungwe la PEGI la ku Ulaya limaika magemu ambiri a Call of Duty a pa kompyuta ndi PlayStation m'gulu la zaka 18. Komanso m'magemu a pa intaneti mwana amalankhula ndi anthu achilendo. Ndi bwino kumufunsa kuti akusewera ndi ndani, monga momwe timafunsira akamapita kokacheza.

Luso lobisika m'kope

Nditaliyang'anitsitsa kope lija ndidaona zomwe achemwali sadaone chifukwa cha mantha. Nyumba ziwirizo zidali zofanana kukula. Msewu udali pakati penipeni. Pambali padali manambala a masekondi omwe mnyamatayo adawerenga yekha pothamanga kuchoka kuseri kwa nyumba kukafika pa basi. Adali akuchita masamu a miyezo m'kope la masamu, osadziwa.

Ntchito yopanga mapu ilipodi ndipo imalipira. Valve ili ndi pulogalamu yomangira mapu yotchedwa Hammer yomwe anthu wamba amaigwiritsa ntchito. Mu 2013 kampaniyi idasonkhanitsa mapu opangidwa ndi osewera pansi pa dzina la Operation Payback, ndipo omwe adawapanga adalandirapo ndalama. Mapu a Anubis, omwe adapangidwanso ndi osewera wamba, adalowa pa mndandanda wa mipikisano ikuluikulu mu 2022.

Kuno ku Africa, kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé m'dziko la Cameroon idatulutsa gemu yakeyake yotchedwa Aurion mu 2016.

Tisanamizane, njirayi ndi yaitali. Mapulogalamu otere amafuna kompyuta yamphamvu, magetsi odalirika ndi Chingerezi chabwino, ndipo mwa ana zikwi osewera ndi ochepa okha amene amadzakhala opanga. Koma luso loyeza mtunda, kujambula pulani ndi kuganizira momwe anthu ayendere pa malo ndi lomwenso amagwiritsa ntchito ojambula mapulani a nyumba, oyeza malo ndi omanga misewu. Maphunziro otere alipo ku MUBAS mu Blantyre, ndipo a makompyuta aliponso ku MUST ku Thyolo. Khomo lolowera konseko ndi limodzi: kukhoza mayeso a MSCE, makamaka masamu.

Chigamulo cha malume

Lamulungu titachoka ku tchalitchi tidakhalanso pa mphasa. Chigamulo chidali chotere. Ndalama yonse yomwe adatapa abweza pothandiza mayi ake pa geni Loweruka lililonse. Foni izigona kuchipinda kwa mayi ake kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Bandulo azigula ndi ndalama yomwe wapatsidwa poyera, ikatha yatha.

Achemwali amafuna foniyo igulitsidwe. Ndidawapempha kuti tiyambe tayesa njirayi kwa teremu imodzi, ndipo zotsatira za mayeso ndizo zidzaweruze. Adavomera monyinyirika.

Ndisadanyamuke ndidamugulira mnyamatayo kope lina la mabokosi ndi rula, kuti la masamu lipume. Ndidamupatsa ntchito imodzi: asiye kukopera mapu a anthu a ku America, ajambule ake.

Patatha sabata ziwiri adanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Padali mtsinje, mlatho umodzi, mizere ya mabenchi a msika ndi mphambano ya msewu wa ku Mwanza. Chakumunsi kwa mtsinje adajambulako kabwato. Nditamufunsa za bwatolo, adandiyankha ngati ndafunsa zachibwana.

"Amalume, mlatho umodzi wokha si chilungamo. Enawo awolokera pati?"